Kaseti Imene Ndinajambulitsa Aneba Anga

Tsiku limene ndinayamba kulankhula ndi aneba anga, ndinawapeza akukalipira bambo wosamalira mafulati athu chifukwa cha mchere. Kunali kutagwa sinowo, chipale chofewa chija, ndipo bamboyo ankawaza mchere pamasitepe ndi kafosholo kuti anthu tisaterereke. Aneba anaima pakhomo atavala yunifomu yoyera ya kuntchito, akumufunsa ngati mutu wake ukugwira. Bamboyo, mzungu wachikulire wosachedwa kuseka, anangowauza kuti mchere umenewo si wa m'ndiwo, ndi wa pamsewu, n'kupitiriza kuwaza. Iwo anawerama, n'kutola kambulu kamodzi, n'kukalawa. Kenako anandiyang'ana ine, munthu wakuda mnzawo amene ndinali nditaima ndi mtanga wa zovala, n'kundiuza kuti mcherewo ndi weniweni ndithu. Ine ndinaseka. Iwo sanaseke, ndipo manyazi anandigwira.

Tinkakhala ku Annandale masiku amenewo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'fulati ya zipinda ziwiri yonunkha utoto. Bambo a kunyumba anabwera kuno kudzaphunzira, atamaliza anapeza ntchito mumzinda wa Washington, ndipo ankalawira pa basi n'kubwera kutada. Ine ndinkatsala ndi mwana wathu wamkazi, amene anali atayamba kale kundiyankha m'Chingerezi ndikamutuma m'Chichewa. Ndine wa ku Ntchisi ine, ndipo pakamwa panga sipagona mawu. Amayi ankati ndinabadwa lilime lili patsogolo. Kwathu zimenezo zinkangothera m'phwete, chifukwa aliyense ankandidziwa. Kuno ndinalibe wolankhula naye tsiku lonse, ndiye nditapeza aneba ndinawakakamira osawasiya.

Anali Aigbo a ku Nigeria, ondiposa zaka zingapo, aatali, oyenda mofulumira ngati akuthawa mvula. Ankagwira ntchito m'nyumba yosungirako okalamba cha ku Falls Church, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni. Ankakhala okha. Tinkakumana Loweruka masana m'chipinda chapansi momwe munali makina ochapira, tikupinda zovala ndi kucheza m'Chingerezi chathu chopindikapindika, changa cha ku mishoni, chawo chothamanga. Ndinkawatcha kuti asisi, iwo ankanditcha mlongo wamng'ono. Ankandiseka kuti ndiwo zanga zilibe tsabola, ine ndinkawaseka kuti zawo n'zofuna ozimitsa moto.

M'nyumba mwawo munali zinthu ziwiri zimene ndinadabwa nazo. M'kabati ya kukhitchini munali mapaketi a mchere odzaza shelefu yonse, munthu wokhala yekha. Ndipo kuseri kwa chitseko kunkapachikidwa chijasi chofiira cha mtsikana, chikadali m'pepala lake la kusitolo. Nditafunsa, anandiuza kuti ali ndi mwana wamkazi kumudzi, wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo akumuyembekezera. Anati chijasicho n'chachitatu. Majasi awiri oyambawo mwanayo anawakulira asanawaone, ndiye anawapereka kutchalitchi n'kugula chokulirapo. Anati sakufuna kuti mwana akadzatsika ndege adzamve kuzizira ngakhale tsiku limodzi.

Za mcherewo anandiuza patapita miyezi, ndisanafunse n'komwe. Tinkapinda mashiti a pabedi, wina atagwira uku wina uko.

Anati nkhondo yapachiweniweni ya kwawoko, ya Biafra, itayamba anali atangokwatiwa kumene. Mwamuna wawo anapita kukamenya nkhondo ndipo sanabwerenso, ngakhale mtembo wake sunaoneke. Iwo anatsala pakhomo pa apongozi awo aakazi, pamodzi ndi alamu awo atatu, alongo a mwamunayo, amene anathawira komweko ndi ana awo. Misewu yonse inatsekedwa. Chakudya chinatha, koma chimene chinasowa koopsa ndi mchere. Ana anayamba kutupikana, tsitsi kufiira, kukhala chete osaliranso. Amuna sakanatha kutuluka, chifukwa akapezeka panjira ankagwidwa, mbali iyi kapena iyo. Ndiye akazi ndiwo ankapita. Ankayenda m'tchire masiku awiri kapena atatu, kuwoloka malire a nkhondo, kukafika kumisika ya kumbali ya adani, kukasinthanitsa nsalu ndi mbale zawo ndi mchere, n'kubwerera nawo pamutu. Pakhomo paja iwo ndiwo anali opanda mwana kumbuyo, ndiye ndiwo ankatumidwa.

Anapita maulendo ambiri bwinobwino. Ulendo wina asilikali anawaimitsa pamlatho. Anzawo anawalola kupita, iwo anawatsalitsa. Anakhala kumeneko milungu itatu, m'nyumba ya mphunzitsi imene msilikali wina anailanda. Pamenepo aneba anangoti, "Mukudziwa inu, ndinu mkazi." Atawamasula anawapatsa thumba la mchere, ndipo analisenza mpaka kumudzi. Ana onse a alamu awo anapulumuka, palibe anamwalira.

Ine shiti ndinali nditalisiya kalekale, likukwekwereka pansi. Iwo analitola n'kupitiriza kupinda.

Mimba itaoneka, anati ankayembekeza kuthamangitsidwa. Koma apongozi awo anaitana alamu atatu aja m'nyumba n'kuwauza kuti mwana wawo wamwamuna anabwera kamodzi kuchokera kunkhondo, anagona tsiku limodzi n'kubwerera, ndipo mimbayi ndi yake. Onse ankadziwa kuti sanabwere. Palibe anatsutsa. Aneba anandifotokozera kuti kwawo mwana ndi wa pakhomo pamene panapereka malowolo, ngakhale mwamunayo atamwalira, malinga malowolowo sanabwezedwe. Mwanayo atabadwa anamutcha dzina la banja la mwamuna, anamulera ngati mwana wa msilikali wawo amene anafera mtundu, ndipo chithunzi cha malemuyo chinali pakhoma, mwana n'kumaloza kuti bambo. Patapita zaka, mchimwene wawo wa aneba anawathandiza kubwera kuno. Apongozi anati mwana atsale kaye amalize pulayimale, akadzamaliza adzamutumiza ndi manja awo.

Ndinamva chisoni, inde, koma ndisaname, mumtima ndinkatinso mwambo wanji umenewu. Kwathu mwana ndi wa mayi. Mwamuna amachita kubwera pamudzi, ndi mkamwini, akavuta amanyamula kasutukesi kake n'kumapita, ana n'kutsala ndi mayi awo ndi amalume awo. Zoti mwana akhale wa munthu wakufa amene sanamubale, chifukwa cha katundu amene anaperekedwa kalekale, kwa ine zinali zosamveka. Tsiku limenelo ndinadzigwira, sindinanene.

Chaka chotsatira apongozi aja anamwalira. Aneba sanapite kumaliro. Mapepala awo okhalira kuno anali asanalongosoke, akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso. Analira m'fulati mwawo, ine ndinawaphikira ndi kukhala nawo masiku atatu monga tichitira kwathu.

Kenako kunabwera kaseti. Masiku amenewo telefoni kumudzi kwawo kunalibe, ndipo akuluakulu ambiri sankalemba, ndiye nkhani zikuluzikulu zinkayenda pa kaseti, munthu wopita kumudzi n'kuinyamula m'thumba. Aneba analibe wailesi ya kaseti, ankabwereka yanga. Anamvetsera patebulo langa, n'kundimasulira.

Ankalankhula anali alamu awo aakulu. Aneba anali atandiuzapo kale za gulu limene kwawo amalitcha umuada, ndiwo ana aakazi onse obadwira pabanja, ngakhale anakwatiwa kutali. Pakagwa maliro kapena mlandu amabwerera kwawo onse, n'kukhala pansi, ndipo chimene agamula ngakhale amuna amachiopa. Mkazi wochita kukwatiwa pakhomopo alibe mawu pamaso pawo. Tsono alamuwo ankati umuada anakhala pansi maliro atatha, n'kuona kuti nyumba ya mchimwene wawo, malemu mwamuna wa aneba, ikutsekeka, popeza sanasiye mwana wamwamuna. Pali mwambo wina, dzina lake lilime langa linalikana, woti pakhomo pakasowa mwana wamwamuna, mwana wamkazi amamusunga pakhomo osakwatiwa, n'kumabereka ali pomwepo, kuti ana akewo atenge dzina ndi minda ya bambo ake. Ankati akuganiza zotero ndi mtsikanayu. Sanagamule, anati adzakumananso pa Khirisimasi, ndipo mayi wa mwana ngati ali ndi mawu atumize.

Apa ndiye pakamwa panga panatseguka. Ndinati mwana wa zaka khumi ndi zinayi, wanzeru kusukulu, amusandutse nkhuku yoikira mazira pakhomo pa munthu wakufa? Ndinati azimayi amenewa ana awo ali moyo chifukwa cha mutu wanu umene unasenza mchere, lero akubwezeni chonchi? Ndinayendayenda m'khitchini monse ndikulalata, mpaka mwana wanga anatuluka kuchipinda kudzaona ngati tikumenyana. Aneba anangokhala, manja ali pa wailesi. Anati adzawapempha mofatsa, adzalonjeza kuti mwana akaphunzira adzabwerera, dzina la bambo ake sadzalitaya. Anati ndi umuada munthu umagwada.

Ine ndinati kugwada kwakwana. Ndipo nzeru inandibwerera pomwepo, yowala, ndinadziona wochenjera kwabasi. Ndinati, "Asisi, auzeni zoona. Mwanayu si magazi awo. Akufuna kusunga mbewu ya mchimwene wawo, mbewuyo ili kuti? Mukangonena poyera, amutaya okha, inu n'kumutola."

Anati zinthu zimenezo sizinenedwa. Ndinati n'chifukwa chake akukupondani, akudziwa kuti simunganene.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo a kunyumba, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo ndi a ku Mzimba, kwawo amalowola, ngakhale kuti pa ine amalume anakana ng'ombe, anati ife sitigulitsa anthu. Anamvetsera akudya, kenako anaika supuni pansi n'kundiuza kuti ndizisiye. Anati kwawonso zimachitika, mwana amatsata ng'ombe, za magazi anthu safunsa, ndipo pamene akulu anavundikira pali chifukwa. Anati ine ndikuyeza nyumba ya eni ndi chingwe cha ku Ntchisi. Ndinapsa mtima. Ndinati amuna nonse ndinu amodzi, mukangomva za ng'ombe mitu imaima. Ndinawafunsa ngati nawonso akuganiza kuti mwana wathuyu ndi wa ku Mzimba. Anangoti, "Mayi a mwana, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo," n'kutenga nyuzipepala yawo. Sitinalankhulane masiku awiri.

Ndikanamva. Koma ine ndikagwira chinthu ndimagwiriratu. Loweruka lililonse m'chipinda chochapira ndinkabwereza nkhani yomweyo. Ndinkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinkati zaka zikupita, chijasi chachinayi mudzagulanso? Ndinkati mukapempha mofatsa adzakuyankhani mofatsa, mwana n'kukhala ndi pakati muli kuno mukusambitsa azungu. Mawu amenewo ndinawanenadi, ndipo ndinaona akuwalasa. Ndinkadziuza kuti ndikuwathandiza. Analibe mayi, analibe mlongo pafupi, mchimwene wawo anali atasamukira kutali ndipo za akazi sankalowererapo. Munthu amene ankamva mawu ake tsiku ndi tsiku ndinali ine.

Kutatsala milungu iwiri kuti Khirisimasi ifike, bambo wina wa kumudzi kwawo amene ankakhala cha ku Seven Corners anati akupita, amene ali ndi makalata abweretse. Aneba anabwera kwanga masana, mwana ali kusukulu, ndi kaseti yatsopano. Anajambula koyamba, mawu ofatsa, aulemu, otchula alamu awo mmodzimmodzi. Atandimasulira ndinati apa simunanene kanthu, mwangowapaka mafuta. Kenako anabweza kasetiyo poyambira, n'kundiuza kuti ndidine ine batani. Ndinadina.

Chiigbo sindimva, koma ndinamva pamene anafika pa mlatho paja, chifukwa mawu anasintha, anatsika. Analankhula mwina mphindi khumi. Sanalire. Atamaliza anatulutsa kasetiyo, n'kulemba pamwamba pake dzina la alamu awo aakulu, n'kuwonjezera kuti amve okha. Ine ndinawakumbatira, n'kuwauza kuti achita chamuna. Ndinawaperekeza pa basi mpaka ku Seven Corners, kuopa kuti angasinthe maganizo panjira.

Januwale yense tinadikira. Aneba anaonda. Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse, ndinafika pofunsa kusukulu ya mwana wanga ngati angalandire mtsikana wochokera kunja pakati pa chaka. Tinakambirana kuti adzagona pati, ndipo bambo a kunyumba anathandiza kukweza kabedi kakang'ono pamasitepe.

Bambo wa ku Seven Corners uja anabwerako mu Febuluwale. Kaseti ya yankho sanaipereke pamanja, anaisiya m'bokosi la makalata n'kuchoka. Aneba anagogoda kwanga cha m'ma teni m'mawa, atavala kale yunifomu. Tinakhala patebulo lomwe lija.

Anayamba kulankhula alamu aakulu. Mawu awo sanali aukali, ndipo ine ndinayamba kumwetulira, ndikuti zatheka. Aneba ankaimitsa n'kumasulira, kuimitsa n'kumasulira, maso ali patebulo.

Alamuwo anati kaseti inafika tsiku limene umuada anasonkhana, akazi oposa makumi awiri, pabwalo. Iwo kuwerenga sadziwa, zolembedwa pamwamba zija sanazione, anangomva kuti mayi wa mwana watumiza mawu ake monga anapemphedwera. Wailesi anabwereka kwa aphunzitsi. Ndipo pa akazi onsewo panalibe wodziwa kuitsegula, ndiye anaitana mtsikanayo kuti adzadine batani ndi kuigwirizira pamiyendo kuti onse amve.

Aneba anaimitsa pamenepo. Kenako anadinanso okha.

Zotsatirazo anazimasulira pang'onopang'ono, ndipo ndimazikumbukira mmene anazinenera.

"Mkazi wathu, ukutiuza chiyani chimene sitikuchidziwa? Mchere umenewo tinadya tonse. Ana anga ali moyo chifukwa cha iwe, ndipo tsiku lililonse ndikamathira mchere m'ndiwo ndimakukumbukira. Tinatseka pakamwa zaka zonsezi kuti mwana akhale ndi bambo, ndiponso kuti iwe uziyenda mutu uli m'mwamba. Amayi anafa ndi nkhaniyi m'mimba. Iwe waitulutsa pabwalo."

Anapitiriza kuti iwo ndi ang'ono awo awiri anali atapangana kale, msonkhano usanachitike, kuti alimbane ndi akazi enawo mwana apite kukaphunzira kwa mayi ake, za kusunga nyumba zidzaoneke m'tsogolo. Anali atakopa kale angapo. Koma tsopano sizingatheke. Akamutumiza lero, mudzi wonse udzati amuchotsa chifukwa ndi mwana wa mdani, ndipo dzina limenelo lidzamukakamira moyo wake wonse, sadzakhalanso ndi kwawo. Njira yokha yomutchinjirizira ndi kumugwira zolimba, kuti aliyense aone kuti ndi mwana wa mchimwene wawo ndipo palibe angamusunthe. Umuada onse anagwirizana. Mwana akhala.

Panali phokoso la nkhuku ndi anthu akuyankhulana chapatali. Kenako kunamveka mawu ena, aang'ono, ndipo amenewa sanafune womasulira, chifukwa analankhula m'Chingerezi cha kusukulu, chomveka bwino, liwu lililonse palokha.

"Amayi, ndine. Ndinadina ndine. Bambo anga ndimawadziwa, ali pakhoma. Musatumizenso kaseti."

Kaseti inapitiriza kuzungulira yopanda mawu mpaka inadziimitsa yokha. Ine ndinagwada pansi, pa kapeti, ndinawagwira miyendo. Ndinati asisi ndine, ndakuphetsani ndine, nditukwaneni, ndimenyeni. Ndinkafunadi kuti andimenye, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anandidzutsa, n'kundiuza kuti pakamwa panali pawo. Anayang'ana wotchi, n'kunena kuti basi yawo ikwana, agogo aja sanasambe. Anatenga chikwama n'kutuluka.

Bambo a kunyumba atabwera ndinawauza zonse, ndikuyembekeza kuti anene kuti ndinakuuza. Sananene, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinawafunsa kuti tichite chiyani, tilembe kalata ife, tipite kwa abusa, tifunse maloya, ndipite ine ndekha ku Nigeria ndikagwade pamaso pa azimayiwo ndikanene kuti nzeru yopusayo inali yanga. Anandifunsa kuti ndikalankhula chinenero chanji, ndipo ndikakhala ndani pabwalo limenelo. Madzi akatayika saoleka, ndinkawadziwa mawu amenewa kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanatayepo madzi a mwini.

Ndinayesabe, chifukwa kukhala chete sindidziwa. Ndinapita kwa bambo wa ku Seven Corners uja, anandilandira pakhomo osandilowetsa, n'kundiuza mwaulemu kuti nkhani za umuada ngakhale iye salowererapo. Ndinalembera mtsikanayo kalata masamba anayi, ndikumufotokozera kuti mayi ake ndi munthu wotani. Nditawaonetsa aneba, anaiwerenga yonse, n'kuipinda, n'kundipempha kuti ndisaitumize. Anati mwanayo wamva zokwanira kuchokera patebulo langali. Sananene mwaukali, ndipo ndicho chinthu chokha chimene ananenapo chondiloza ine.

Iwo ankalemba mwezi uliwonse, makalata aafupi, ndi kutumiza nsapato ndi mabuku. Alamu aakulu ankayankha kudzera mwa aphunzitsi kuti zafika, mwana ali bwino, akupita kusukulu. Mwanayo sanalembepo. Tinkakumanabe Loweruka kochapira, tinkapindabe mashiti, koma ine ndinasanduka munthu wina. Ndikafuna kuyamba nkhani ndinkayamba ndaiyeza, n'kuipeza kuti ilibe ntchito. Anayamba kundiseka kuti mlongo wamng'ono wadwala chiyani, lilime lapita kuti. Ndinkayesa kuseka nawo.

Chilimwe chinadutsa, masamba anayoyoka, kuzizira kunayambanso. Tsiku lina m'mawa, sinowo yoyamba itagwa, bambo uja akuwaza mchere wake pamasitepe, aneba anagogoda. Mwana wanga anali akumanga nsapato kuti azipita kusukulu, atavala kajasi kake kakale kamene manja anali atafupika. Aneba anali ndi chijasi chofiira chija pamkono, atachichotsa m'pepala.

Ndinati ayi. Ndinati asisi chonde, chimenecho ayi, chisungeni, mwina chaka chamawa. Ndinaima pakhomo kuwatsekereza.

Anati, "Chaka chamawa chidzakhala chitamuchepera. Ndipo sindigulanso china."

Anandilambalala, n'kugwada patsogolo pa mwana wanga, n'kumuvula kajasi kaja, n'kumuveka chofiiracho. Chinali chachikulu, manja analendewera. Anawapinda kawiri mbali iyi, kawiri mbali iyo, n'kumanga mabatani onse mpaka pakhosi, n'kukonza kolala. Mwana wanga anasangalala, anazungulira, n'kuthokoza m'Chingerezi. Aneba anamugwira masaya n'kumuuza kuti ayende bwino pamasitepe.

Anachivala nyengo zozizira zitatu. M'mawa uliwonse ankatsika masitepe aja, ndipo m'mawa uliwonse aneba ankakhala ataima pawindo lawo, katani atakankhira pambali, akumuyang'ana mpaka akakhote pakona. Ine ndinkaima pawindo langa, ndikuwaona onse awiri.